Sikopu yoonera chandamale: iti yoyenera ndalama zanu, iti yongokongola m'katoni

Sikopu yanga yoyamba ndinaigula pa intaneti usiku wina, pa mtengo wosafika mapaundi 100. Pa katoni analemba zilembo zikuluzikulu kuti 20-60x60, kutanthauza kuti imakulitsa ka 20 mpaka ka 60 ndipo galasi lakutsogolo ndi la mamilimita 60, ndipo m'katimo munali kachikwama, kansalu kopukutira, ndi timiyendo titatu tooneka ngati ta udzudzu. Loweruka lake ndinapita nayo ku kalabu ndili nyadu. Titawombera zipolopolo zisanu pa mayadi 100, ndinaipotokola mpaka pa 60 n'kuikapo diso. Chimene ndinaona ndi chinthu chakuda chonjenjemera, chokhala ndi mkombero wofiirira m'mbali, ngati chithunzi chimene chanyowa ndi mvula. Bowo ngakhale limodzi silinaoneke. Madala wina amene anagona pafupi nane anangondikodola kuti ndisuzumire mu yake, yakalekale, utoto unachita kusupuka. Mabowo onse asanu anali poyera, ndipo yakeyo inkangokulitsa ka 25 basi.

Pano ndikunena za sikopu yoima payokha pambali pa wowombera, osati yomangirira pamwamba pa mfuti. Ndimakhala kufupi ndi Bisley, m'chigawo cha Surrey ku England, kumene bungwe la National Rifle Association la ku Britain linasamutsira mipikisano yake mu 1890 kuchoka ku Wimbledon Common. Zambiri zimene ndikambe ndaziona kumeneko ndi m'makalabu ang'onoang'ono ozungulira. Abale amene mumawombera ku Joni kapena ku Bloemfontein mupeza kuti nkhani ndi yomweyi, kungoti dzuwa lanu limaikulitsa.

Musanayambe kufunsa za mayina a makampani, dziwani kaye chimene mukufuna kuona. Pali ntchito ziwiri, ndipo sizifuna sikopu yofanana. Ina ndi kuona bowo limene chipolopolo chaboola papepala. Ina ndi kuona mpweya umene uli pakati pa inu ndi chandamale kuti mudziwe kumene mphepo ikulowera. Ambiri oyamba kumene amangodziwa yoyambayo, n'chifukwa chake amathamangira nambala yaikulu.

Tiyambe ndi bowo. Chipolopolo cha .22 chimasiya bowo la mamilimita pafupifupi 5.6. Cha .308, chimene ambiri amagwiritsa ntchito pa mitunda italiitali ku Bisley, chimasiya la pafupifupi 7.8, ndipo pepala limakonda kutsekeka pang'ono chikadutsa moti bowolo limaoneka laling'ono kuposa pamenepo. Pa mayadi 25 kapena mamita 50, pafupifupi sikopu iliyonse ya galasi lakutsogolo la mamilimita 50 kapena 60 imalionetsa. Pa mayadi 100 m'pamene zotchipa zimayamba kuulula khalidwe lawo, makamaka bowo likagwera pakuda, pakati pa chandamale. Bowo lakuda papepala loyera ndi losavuta. Bowo lakuda pakuda, dzuwa lili kumbuyo kwa mitambo, limafuna galasi lenileni. Pa mayadi 200 mufuna galasi la 80 labwino. Pa 300, ngakhale ya mtengo wa galimoto yakale imalionetsa tsiku limene mpweya wafuna, tsiku lina ayi. Kupitirira apo, aliyense amene akukuuzani kuti sikopu yake imaona mabowo pa mayadi 600 masana dzuwa likuswa mtengo, mupempheni mukaonere limodzi.

Chimene chimalepheretsa si galasi lokha. Nonse mukudziwa mmene msewu wa tala umaonekera mu Okutobala mukamatsikira ku Chikwawa, mpweya ukuvina pamwamba pake ngati madzi. Owombera amautchula kuti mirage. Sikopu ikamakulitsa chandamale imakulitsanso kuvina kumeneku. Mukaika pa 60, mwakulitsa chipwirikiti ka 60. N'chifukwa chake masana otentha anthu amatsitsa zumu kufika pa 25 kapena 30 ndipo amaona bwino kuposa mmene amaonera pa 60.

Pali kasamu kamodzi koti mukasunge. Tengani kukula kwa galasi lakutsogolo mugawe ndi mphamvu yokulitsa, yankho lake ndi kukula kwa kadontho ka kuwala kamene kamatuluka kupita m'diso mwanu. Sikopu yanga ija ya galasi la mamilimita 60 ndikaiika pa mphamvu ya 60, kadonthoko kanali milimita imodzi yokha. Kamboni ka diso masana kamakhala mamilimita awiri kapena atatu, ndiye kuti chithunzi chimada, ndipo mutu ukangosuntha pang'ono chimasowa. Ya madala uja inali ya 80 pa 25, kadontho kopitirira mamilimita atatu. Diso limapuma pamenepo.

Tsono njira zake.

Yoyamba ndi sikopu yaing'ono, ya mamilimita 50 mpaka 65. Anthu amainyoza koma kwa ambiri ndi yokwanira. Ngati mumawombera mfuti ya mpweya pa mamita 10, kapena .22 m'nyumba pa mayadi 25, kugula ya 85 ndi kugula lole yonyamulira thumba limodzi la chimanga. Yaing'ono nthawi zambiri siifika kilogalamu, imalowa m'chikwama cha mfuti, ndipo siifuna choimikira cholemera. Kampani ya Opticron ya ku Luton ili ndi mtundu wa MM4 umene ndauona kwambiri m'makalabu, ndipo Kowa ya ku Japan ili ndi za 60 zimene zakhala zikutumikira owombera kwa zaka zambiri. Chimodzi choti muchenjere nacho apa, chimene ogulitsa satchula kawirikawiri: sikopu iliyonse ili ndi mtunda wochepetsetsa umene ingaike fokasi. Zina zotchipa sizitha kuona bwino chinthu chimene chili pafupi kuposa mamita 10 kapena kuposerapo. Mukagula yotere kuti muzionera mabowo a mamilimita 4.5 pa mamita 10, mwataya ndalama. Onani nambala imeneyo musanalipire.

Yachiwiri ndi ya pakati, ya 77 mpaka 85, ndipo apa m'pamene ndichedwepo chifukwa ambiri amene mumawombera panja mudzathera pamenepa. M'gulu limeneli muli magalasi a mitundu iwiri. Pali galasi wamba, ndi galasi lolembedwa kuti ED kapena HD. Kuwala kukamadutsa m'galasi wamba, mitundu yake siikumana pamalo amodzi, ndiye m'mphepete mwa chinthu chakuda mumabwera kamkombero kofiirira kapena kobiriwira kamene ndinakaona tsiku lija. Kwa munthu woonera mbalame, kamkomberoka kamangonyansa. Kwa wowombera kamadya bowo lenilenilo, chifukwa bowo lonse ndi laling'ono ngati mkomberowo. Galasi la ED limachepetsa vutoli. Koma zilembo za HD zilibe lamulo, kampani iliyonse imalemba mmene yafunira, choncho musakhulupirire katoni, khulupirirani diso lanu.

Celestron Ultima 80 ndi chitsanzo cha yotsika mtengo ya galasi wamba imene imagwira ntchito pa mayadi 100 mukaisunga pa zumu yotsika. Vortex Diamondback HD ya 20-60x85 ndi Hawke Endurance ED zili pamwamba pang'ono. Vortex anthu amaikonda chifukwa cha lonjezo lake lokonza kapena kusintha katundu akawonongeka popanda kufunsa kuti walakwa ndani, ndipo kwa chinthu chimene chimaima pa miyendo mphepo ikuwomba, lonjezo lotere si laling'ono. Kungoti ngati muli kutali ndi kumene ali ndi ofesi, funsani kuti ndalama yotumizira alipira ndani. Ndiye pali Kowa TSN-82SV. Galasi lake si la ED, maonekedwe ake ndi achikale, koma mukayenda kumbuyo kwa mzere wa owombera mitunda italiitali mudzaiona mobwerezabwereza. Chifukwa chake sichili m'thupi lake kwenikweni, chili m'kagalasi kapadiso kamene amaikako.

Kagalasi kapadiso ndi theka la sikopu. Ka zumu, ka 20-60, kamakulolani kusintha, koma mukamakweza, mpata wa pakati pa diso ndi galasi umachepa ndipo malo amene mukuona amapanikizika ngati mukusuzumira mu nsungwi. Kosasintha, ka 25 kapena 27 kapena 30, kamaonetsa malo otambalala ndi owala. Kowa ili ndi ka 25 kolembedwa LER, kamene kamakulolani kuona chithunzi chonse diso lili mamilimita pafupifupi 30 kuchoka pagalasi. Ganizani mmene wowombera amakhalira: wagona chafufumimba, jekete lolimba lamumanga, lamba wa mfuti wakoka mkono wamanzere, tsaya lili pa thako la mfuti, wavala mandala oteteza maso ndi zotseka m'makutu. Akawombera sakufuna kudzuka. Akufuna angotembenuza mutu pang'ono, diso lamanzere lione, abwerere. Ngati sikopu ikufuna kuti diso ligunde galasi, ayenera kusuntha chigongono, ndipo chigongono chikasuntha chipolopolo chotsatira chipita kwina. Ine ndimavala mandala a maso, ndipo sikopu iliyonse ya mpata wosafika mamilimita 17 kapena 18 ndimaibweza pa shelefu ndisanafunse n'komwe mtengo.

Zimenezi zikuyankhanso funso lakuti yowongoka kapena yopindika. Yopindika, imene kagalasi kake kamaloza m'mwamba pa madigiri 45, imakhala ndi mkombero pakati woti muzunguze thupi lake mpaka kagalasiko kabwere pafupi ndi diso lanu muli chigonere. Kwa wogona chafufumimba palibe mkangano. Ndi yabwinonso anthu a misinkhu yosiyana akamabwerekana, chifukwa wamtali amangowerama. Yowongoka ili ndi ubwino wake kwa wokhala pa benchi, ndiponso kwa amene akuonera mnzake: kupeza chandamale n'kosavuta chifukwa mumangoloza kumene mukuyang'ana. Ndi yopindika, masabata oyamba mudzakhala mukufufuza chandamale chanu m'mitengo. Pa Century, bwalo la ku Bisley limene zandamale zopitirira 100 zandandalikana pamzere umodzi, kuonera chandamale cha mnzanu n'kumasangalala ndi zigoli zake ndi chinthu chimene chachitikira ambiri, ine ndemwe.

Yachitatu ndi ija ya akuluakulu. Swarovski ya ku Austria ili ndi ATX imene mumagula mbali yapadiso payokha ndi yakutsogolo payokha, ya 65, 85, 95 kapena 115. Kowa ili ndi za 88 za galasi lapadera lotchedwa fluorite. Vortex ili ndi Razor HD ya 27-60x85 imene ili m'munsi pang'ono pa mtengo. Zapamwambazo zimadutsa mapaundi 2,000 mosavuta. Ndinasuzumirapo mu ya 95 madzulo ena kukuda, ndipo ndisakunamizeni, ndinangoti kukamwa yasa. Zinali ngati wina wayatsa getsi kutsidyako. Koma masana a tsiku lomwelo, mirage itayamba, mwini wake sankaona mabowo amene ine sindinkawaona. Mpweya susankha wolemera. Ndalama zimenezi zimagula kuwala kwa m'mamawa ndi madzulo, m'mphepete mosadetsedwa, ndi diso losatopa mukakhala kumbuyo kwake tsiku lonse monga amachitira ophunzitsa timu. Ngati mumakondanso mbalame ndipo mudzaitenga popita kumudzi kukaonera nkhwazi ku Liwonde kapena kukwera nayo ku Nyika, mwina ndalamayo ili ndi mutu. Ngati ntchito yake ndi kuona pepala Loweruka m'mawa, ndalama yotsalayo mugulire zipolopolo.

Pa mitunda italiitali nkhani imatembenuka. Pa Stickledown, bwalo lina la ku Bisley kumene amawombera kuyambira mayadi 800 mpaka 1,200, palibe amene akufunafuna bowo. Kutsidyako kuli anthu obisala m'ngalande kuseri kwa chimulu. Mukawombera amatsitsa chandamale, amalowetsa kachizindikiro kowala pabowopo, amaika china chosonyeza chigoli, n'kukweza. Kachizindikiroko sikopu wamba imakaona. Chimene wowombera akufuna m'sikopu yake ndi mirage yomwe ija tinkaidandaula. Pa mayadi 1,000, mphepo yopingasa ya mamailosi 10 pa ola imakankha chipolopolo cha .308 mamita awiri kapena kuposerapo. Mbendera zilipo m'mbali mwa bwalo, koma mbendera yonyowa imanama ndipo imachedwa. Mpweya wovinawo suchedwa.

Madala uja ndi amene anandiphunzitsa. Mumaika fokasi pa chandamale, kenako mumaibweza pang'ono kuti igwere penapake pakati, chandamale chizioneka mwachimbuuzi. Mukatero mafunde amaonekera. Akamakwera molunjika ngati madzi owira mumphika, mphepo yopingasa palibe kapena ikusintha mbali, ndipo anthu odziwa amadikira. Akapendekeka, mphepo yayamba. Akagona n'kumathamanga ngati mtsinje, yakula, ndipo ikapitirira mamailosi 12 pa ola amangooneka chimodzimodzi, mubwerere ku mbendera. Masabata oyamba sindinkaona kanthu. Iye ankangoti ndikhale chete ndiyang'ane m'mphepete mwa chimulu, ine mumtima ndikuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa ntchito imeneyi, 25 yotambalala imaposa 60 yopanikizika kutalitali, chifukwa mukufuna kuonanso zandamale za anzanu kumanja ndi kumanzere. Onse akaponyedwa kumanzere nthawi imodzi, mwadziwa chimene mphepo yachita musanataye chipolopolo chanu.

Amene amawombera zandamale zachitsulo pogwiritsa ntchito mfuti za sikopu amakonda mtundu wina, wokhala ndi timizere toyezera m'kati. Leupold Mark 4 ya 12-40x60 ndi yodziwika pamenepa. Woonerera amaona pamene fumbi ladumpha, amawerenga timizere, n'kuuza mnzake kuti akweze kapena asunthe mwakuti. Onetsetsani kuti timizere ta sikopu yoonerayo ndi ta muyeso umodzi ndi ta pamfuti, mil ndi mil, MOA ndi MOA, imene ndi miyeso iwiri yosiyana ya timizereti. Mukasakaniza, mudzakhala mukuchita samu pamzere mnzanu akudikira.

Pali njira inanso imene si sikopu n'komwe. Kamera yoika pafupi ndi chandamale, monga za Longshot, imatumiza chithunzi pa foni kapena tabuleti, ndipo mirage ilibe nayo ntchito chifukwa ili mamita ochepa kuchoka papepala. ShotMarker ya ku Canada imagwiritsa ntchito timasensa tinayi tokhala ndi timaikolofoni pa felemu ya chandamale kumva chipolopolo chikamadutsa, n'kusonyeza pamene chadutsa, koma imafuna chipolopolo chimene chikuthamangabe kuposa liwu. Kwa munthu woyesa zipolopolo yekha pa mayadi 600, zimenezi zimaposa sikopu ya mtengo uliwonse. Zovuta zake: mabatire, kupempha chilolezo kwa oyang'anira bwalo, ndiponso kuti tsiku lina chipolopolo chosochera chidzapeza kamerayo. Ndipo sizikuuzani kanthu za mphepo. Njira yotchipitsitsa pa zonse ndi mapepala omata ngati Shoot-N-C, amene chipolopolo chikaboola pamatuluka mkombero wowala wachikasu. Ndi amenewa ngakhale sikopu yanga ya manyazi ija inayamba kuona pa mayadi 100. Pa mpikisano saloledwa, koma poyeserera palibe amene angakuletseni.

Choimikira ndachisiyira kumapeto dala, chifukwa ndi chimene aliyense amachiiwala pokonza bajeti. Mphika wabwino pa mafuwa ogwedera nsima siipsa. Timiyendo timene amaika m'katoni mwaulere ndi toti mupatse ana. Pa 40 kapena 60, kamphepo kakang'ono kamagwedeza chithunzi mpaka bowo kusowa, ndipo anthu amaimba mlandu galasi pamene wolakwa ali pansi pake. Wogona chafufumimba amafuna choimikira chachifupi cha ndodo imodzi yoima ndi miyendo yogona pansi, monga za Freeland, kuti sikopu ifike pafupi ndi nkhope popanda mwendo kupinga chigongono. Woima kumbuyo kuonerera amafuna miyendo itatu yolimba ya ojambula zithunzi, monga za Manfrotto, yokhala ndi mutu woyenda mosalala. Mukakoleka chikwama cholemera pakati pake imakhazikika. Ine ndikanati pa ndalama zonse zimene mwakonza, gawo limodzi mwa magawo anayi lipite ku choimikira. Sikopu ya pakati pa choimikira cholimba imaona zambiri kuposa yapamwamba pa chogwedera.

Za madzi sindichedwapo. Ku England mvula imagwa mpikisano uli m'kati ndipo saimitsa, choncho gulani yotsekedwa bwino, yodzazidwa ndi mpweya wa nitrogen kapena argon kuti isachite nthunzi m'kati. Kumene kuli fumbi, kutsekedwa komweko kumathandiza. Musapukute galasi ndi malaya, uzirani kaye fumbilo.

Zogula kale kwa wina musazinyoze. M'makalabu mumakhala akuluakulu amene maso kapena msana zawakana, ndipo amagulitsa katundu wosamalidwa pa theka la mtengo. Mwezi wa Julayi, nthawi ya mpikisano waukulu wapachaka wotchedwa Imperial Meeting, ku Bisley kumadzaza anthu ochokera m'mayiko ambiri ndipo malonda otere amapezeka. Walitsani tochi m'kati mwa galasi muone ngati mulibe tiulusi toyera ngati ta kangaude, chifukwa imeneyo ndi nkhungu yomera pagalasi ngati chuku ndipo ikalowa siichoka mosavuta. Zunguzani fokasi mumve ngati siikulumpha. Safunsa anadya phula, ndiye funsaninso ngati tigalasi tapadiso ta mtundu umenewo tikupezekabe.

Yanga ya pano ndinaigula motero, ya 82 yopindika, kagalasi ka 25 kosasintha, pa choimikira chachifupi chimene chinadula kuposa sikopu yanga yoyamba yonse. Ndisanalipire ndinapempha mwini wake kuti tipite nayo pa mayadi 200 nthawi ya 1 koloko masana, osati m'mamawa mpweya uli phee pamene chilichonse chimaoneka bwino. Ndinawombera zitatu pakuda, ndinagona mandala ali kumaso, ndinatembenuza mutu osasuntha chigongono. Mabowo awiri ndinawaona. Lachitatu tinakalipeza titayenda wapansi, linali litagundana ndi lachiwiri.